Mlendo Woima Pageti: Mafunso ndi Mayankho pa Webusaiti ya Wopereka Uphungu mu Lusaka

Wogulitsa nsapato pa intaneti amalankhula ndi munthu amene watsimikiza kale kuti akufuna nsapato. Wopereka uphungu wa zamaganizo alibe mwayi umenewo. Amene watsegula webusaiti yake nthawi zambiri amakhala ndi mitima iwiri: wina ukumuuza kuti apeze thandizo, wina ukumuuza kuti azimitse foni agone. N'chifukwa chake malangizo okopera makasitomala amene amalembedwera eni masitolo amasocheretsa akafika pa ntchito imeneyi. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene akatswiri a zamaganizo ndi opanga mawebusaiti amakonda kufunsa, ndipo mayankho ake atsamira pa mfundo imodzi: tsamba lotere limakopa munthu pomuchotsa mantha ndi kumuuza zoona, ndipo nzeru za sayansi ya maganizo zimathandiza pokhapokha zikatumikira cholinga chimenecho.

Kodi webusaiti ndi yofunikadi, poti anthu a mu Lusaka amauzana zinthu pakamwa ndi pa WhatsApp?

Kuuzana pakamwa kumayenda bwino pa zinthu zimene munthu sachita nazo manyazi. Wofuna makaniko kapena telala wa diresi la ukwati amangofunsa m'gulu la WhatsApp la kutchalitchi, mayankho n'kubwera khumi. Koma ndani angalembe m'gulu lomwelo kuti watha miyezi itatu akusowa tulo, kapena kuti akamalowa mu ofesi mtima umagunda mpaka thukuta kamukamu? Chipatala cha Chainama Hills, chimene chinatsegulidwa mu 1962 m'mbali mwa Great East Road, chathandiza anthu osawerengeka, komabe dzina lake linasanduka chitonzo, moti kumuuza mnzako kuti ndi wa ku Chainama ndi kumutukwana. Lamulo la Mental Health Act la 2019 linachotsa lamulo la nthawi ya atsamunda limene linkatchula odwala mayina onyoza, koma chitonzo cha m'makwalala sichinachoke nalo limodzi. Munthu amene anakulira m'mawu amenewa safunsa mnansi. Amafunsa foni, usiku, ena atagona. Wina anganene kuti intaneti ndi ya ochepa, ndipo sakunama: kafukufuku wa ZICTA wa 2022 anapeza kuti pa anthu anayi alionse m'Zambia ndi mmodzi amene ankagwiritsa ntchito intaneti. Koma amene angathe kulipira uphungu wapadera, monga mphunzitsi wa ku Chelstone, namwino wa ku Kabwata kapena wogwira ntchito m'banki ya pa Cairo Road, ndi omwewo amene foni ya intaneti ili m'manja tsiku lonse. Ngakhale amene wapatsidwa dzina la katswiri ndi mnzake amayamba walifufuza asanaimbe. Tsamba la Facebook lokha silikwanira, chifukwa amene walitsatira kapena kulembapo ndemanga amaonekera kwa achibale ndi anzake a kuntchito, pamene webusaiti munthu amaiwerenga mwakachetechete n'kutuluka popanda womuona.

Ndi zoona kuti munthu amaweruza tsamba m'kuphethira kwa diso?

Ndi zoona, koma nkhaniyi amainena theka. Mu 2006 Gitte Lindgaard ndi anzake a ku Carleton University ku Canada anaonetsa anthu masamba a pa intaneti kwa gawo limodzi mwa magawo 20 a sekondi, ndipo anthuwo anali atagamula kale ngati tsambalo n'lokongola kapena ayi. Atawapatsa nthawi yochulukirapo, chigamulocho sichinasinthe kwenikweni. Mu 2002 gulu la B. J. Fogg ku Stanford linafunsa anthu oposa 2,600 za chimene chimawachititsa kukhulupirira webusaiti, ndipo pafupifupi theka la ndemanga zawo zinakhudza maonekedwe. Opanga mawebusaiti amakonda kulekera pomwepa, poti maonekedwe ndiwo malonda awo. Theka linalo la nkhaniyi linaoneka mu 2004, pamene Elizabeth Sillence, Pam Briggs ndi anzawo ku Britain anatsatira amayi ofufuza malangizo a zaumoyo pa intaneti. Amayiwo ankataya tsamba msanga chifukwa cha zilembo zothinana, zotsatsa malonda zotulukira pamaso ndi kusokonekera kwa zinthu. Koma masamba amene anawakhulupirira n'kumabwererako anawasankha chifukwa cha zolembedwamo, makamaka akaona kuti wolembayo akumvetsa moyo wa munthu ngati iwo. Maonekedwe tsono amangoletsa mlendo kuthawa, ndipo chomukhazika pansi ndi mawu. Tsamba lonyezimira lopanda chonena ndi chikomekome cha mkuyu chija. Ndipo mu Lusaka maonekedwe abwino amayambira pa kupepuka. Wowerenga ali pafoni yotsika mtengo, bandulo ikutha, mwinanso magetsi anathima kalekale, monga zinkachitikira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba ZESCO n'kumazimitsa magetsi maola ambiri pa tsiku. Vidiyo yoyamba yokha kusewera ikudya ndalama za munthu ameneyo. Google inalengeza mu 2016 kuti oposa theka la otsegula tsamba pafoni amachoka likatenga masekondi opitirira atatu lisanatseguke. Amene akulipira wopanga webusaiti asavomereze ntchitoyo ataionera pa kompyuta ya mu ofesi. Akaitsegule pafoni wamba ali m'minibasi pa Kulima Tower.

Nanga mitundu? Akuti buluu amakhazika mtima pansi.

Mawu amenewa amabwerezedwa kwambiri, koma umboni wake ndi wofooka. Tanthauzo la mtundu limatengera malo ndi zimene anthu anazolowera kuuphatikiza nazo. M'Zambia chofiira chimakumbutsa ena UPND kapena Airtel, chobiriwira PF kapena Zamtel, chachikasu MTN, ndipo buluu ena amamukumbukirabe ndi MMD. Palibe mtundu umene ungachiritse munthu kudzera pagalasi la foni. Chotsimikizika n'chakuti zilembo zotuwa pa tsamba loyera siziwerengeka padzuwa la Okutobala, ndiponso kuti tizilembo tating'ono timatopetsa munthu amene mutu wamulemera kale. Mitundu iwiri yosalimbana, zilembo zakuda bwino ndi mipata yopumira pakati pa ndime n'zokwanira.

Kodi katswiri aike chithunzi chake?

Aike, ndipo chikhale chake chenicheni. Janine Willis ndi Alexander Todorov a ku Princeton anasonyeza mu 2006 kuti munthu akaona nkhope kwa gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi amakhala atagamula kale ngati mwini wake ndi wodalirika. Todorov yemweyo wakhala akuchenjeza kuti chigamulo chofulumira chotero chimalakwa kawirikawiri, choncho chithunzi si umboni wa luso. Ntchito yake ndi yaing'ono koma yofunika: kuchepetsa zosadziwika. Woopa amafuna kudziwa amene adzakhale moyang'anizana naye, mwamuna kapena mkazi, wamkulu kapena wamng'ono, wa nkhope yoti n'kuiuza zakukhosi. Zithunzi zogula pa intaneti, za mzungu atagwira mutu kapena miyala yosanjikizana m'mphepete mwa nyanja yachilendo, zimauza mayi wa ku Kabwata kuti malo ano sanakonzere iye, ndipo kafukufuku wa Jakob Nielsen wotsata kumene maso amayang'ana anapeza kuti anthu amalumpha zithunzi zongokongoletsa n'kumayang'anitsitsa za anthu enieni. Chithunzi chachiwiri chimene ambiri amaiwala ndi cha chipinda chokambiranamo: mipando iwiri, zenera, chitseko chotsekeka, popanda bedi la chipatala kapena jakisoni. Kwa munthu amene m'mutu mwake uphungu ndi wodi ya ku Chainama, chithunzi chimenecho chimayankha funso limene sakanalimba mtima kufunsa. Pali chodetsa nkhawa chomveka, makamaka kwa akatswiri aakazi ogwira ntchito okha, choti nkhope pa intaneti imaitana ovutitsa. Njira yake ndi kukhala ndi nambala yantchito yosiyana ndi yakunyumba, ndi kupereka adiresi yeniyeni munthu akapangana nanu tsiku.

Mawu oyamba akhale a madigiri a katswiri kapena a mavuto a wowerenga?

Masamba ambiri amayamba ngati kalata yofunsira ntchito: dzina, madigiri, kenako zidule za Chingerezi zonga CBT ndi EMDR. Madigiri ndi ofunika ndipo malo ake alipo, koma sayankha funso limene wowerenga wabwera nalo, loti kodi munthu uyu angamvetse zimene zikundichitikira. Apa umboni ulipo wokwanira. Mu 1979 Edward Bordin anafotokoza kuti chithandizo cha kukambirana chimayenda pamene awiriwo agwirizana za kumene akupita, agwirizana za ntchito yoti agwire, ndipo akukhulupirirana. Mu 2018 Christoph Flückiger ndi anzake anasonkhanitsa zofufuza 295 zokhudza anthu oposa 30,000, napeza kuti kumene ubale umenewu uli wolimba zotsatira za chithandizo zimakhalanso zabwino, mosatengera njira imene katswiri akutsata. Ngati zili choncho, ndime yoyamba ya webusaiti ndi poyambira ubalewo, ndipo iyenera kuchita zimene katswiri wabwino amachita mlendo akangokhala pampando, kusonyeza kuti wamva. Ndime yoti "Mwina maliro anatha kalekale, achibale anabwerera kwawo, koma inu mukulephera kudzuka m'mawa" imafika pamtima kuposa mndandanda wa mayina a matenda. Pamafunika kusamala kuti kufotokoza ululu kusasanduke kuukuza. Ziganizo ziwiri kapena zitatu zakwana, kenako tsamba linene chimene katswiri amachita ndi anthu otero. Ndipo asaope kutchula anthu amene amawathandiza bwino, kaya ofedwa, achinyamata kapena mabanja. Wonena kuti amatha zonse amamveka ngati mapepala aja omatidwa pamapolo a magetsi m'tauni, olonjeza kubweza wokondedwa wothawa ndi kupezetsa ntchito nthawi imodzi.

Chingerezi chokha sichikwanira, poti olipira ambiri ndi ophunzira?

Munthu akhoza kulemba malipoti m'Chingerezi tsiku lonse, koma pamaliro a mayi ake amalira m'chilankhulo cha kwawo. Anthu ambiri sanena kuti ali ndi matenda akutiakuti. Amati ali ndi maganizo, mutu sukugwira, mtima ukuwawa, akungoganiza kwambiri. Ku Harare, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anamanga ntchito ya Friendship Bench pa mawu a Chishona oti kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri komweko, ndipo kafukufuku wa anthu 573 amene anasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2016 anasonyeza kuti amene anakambirana pabenchi ndi amayi ophunzitsidwa ntchitoyi anapeza bwino kuposa amene analandira chisamaliro cha nthawi zonse. Chimodzi mwa zimene tingatolepo n'chakuti munthu amayandikira thandizo limene likutchula vuto lake ndi dzina limene iye amalidziwa. Mu Lusaka mulinso mawu amene amasokeretsa. Mukalemba kuti ndinu alangizi, ambiri aganiza za amayi olangiza mkwatibwi ukwati usanachitike. Mawu a Chingerezi oti counselling anamatirira ku kuyezetsa magazi, chifukwa chiyambire nthawi ya mabungwe onga Kara Counselling, limene linayamba mu 1989, anthu ambiri anakumana nawo koyamba pakhomo la chipinda choyezera HIV. Tsamba liyenera kumasula mfundo zimenezi poyera: ndine ndani, kodi ndimalemba mankhwala kapena ayi, tikakumana timakhala pansi n'kukambirana kwa nthawi yotalika bwanji. Ena amaopa kuti Chinyanja chitsitsa ulemu wa ofesi, apamwamba a kumayadi n'kuiona ngati ya kukomboni. Manthawo ndi omveka, koma sipafunika kumasulira tsamba lonse. Chiganizo chimodzi choti tikhoza kukambirana m'Chinyanja, m'Chibemba kapena m'Chingerezi, cholembedwa m'zilankhulozo, sichithamangitsa aliyense, ndipo chimatsegulira njira mwana wa ku Woodlands amene akufunira thandizo mayi ake ochokera ku Katete. Chokhacho n'chakuti alembe ndi munthu wolankhula chinenerocho, wodziwa kusiyana kwa Chinyanja cha m'tauni ndi Chichewa cha m'buku, osati makina omasulira.

Kodi mtengo ulembedwe poyera? Suthamangitsa anthu?

Maganizo ofala ndi oti munthu ayambe waimba, mukambirane, mtengo ubwere pambuyo atazolowera. Pa City Market kunenerera mtengo ndi mwambo ndipo palibe amene amachita nako manyazi, koma palibe amene amafuna kunenerera mtengo wa ululu wake. Taganizirani munthu amene walimba mtima, wafotokoza pafoni kuti banja lake likugwedezeka, kenako n'kumva ndalama imene sangakwanitse. Amachoka ndi manyazi awiri, ndipo n'zokayikitsa kuti aimbiranso katswiri wina. Komanso mtengo wobisika munthu amadzilembera yekha m'mutu, ndipo akangoona kuti ofesi ili ku Kabulonga amalemba wokwera kuposa weniweni. Amene mtengo ungamuthamangitse akanachokabe, kusiyana kwake n'kwakuti akauwerenga yekha amachoka ulemu wake uli wonse, ndipo akhoza kudzabwera mwezi ukatha. Tsamba linene ndalama ya kukumana kamodzi m'makwacha, kutalika kwa nthawi, kuti anthu amabwera kangati pa mwezi, ngati mumalandira ndalama ya pafoni ya MTN kapena Airtel, ngati inshuwalansi kapena olemba ntchito angalipire, ngati ophunzira ali ndi mtengo wotsikirapo, ndi chimene chimachitika munthu akalephera kubwera. Otsatsa malonda amalangiza kuika mtengo waukulu poyamba kuti wachiwiri uoneke wotsika, potengera zimene Amos Tversky ndi Daniel Kahneman anafotokoza mu 1974, zoti nambala yoyamba kuiona imakoka chiweruzo cha munthu. Njirayo imagwiradi ntchito, ndipo n'chifukwa chake siyenera pano: ndi kuyamba ubale wa kukhulupirirana ndi kachinyengo.

Bwanji osaika umboni wa anthu amene anathandizidwa?

Funso ili ndi lovuta chifukwa umboni wotero umakopadi. Robert Cialdini, m'buku lake la 1984 lotchedwa Influence, anafotokoza kuti munthu wokayika amayang'ana zimene anzake achita. Kwa malo odyera zimenezo zilibe vuto. Koma malamulo a khalidwe a American Psychological Association amaletsa katswiri kupempha umboni kwa amene akuwathandiza pakali pano kapena kwa ena amene n'zosavuta kuwakakamiza, ndipo chifukwa chake chimagwiranso ntchito kuno. Munthu amene wakuululirani zam'kati mwa moyo wake sangakukanireni mosavuta, makamaka kwathu kuno kumene kukanira wokuthandiza kumaoneka ngati kusayamika. Kubisa dzina sikuteteza mokwanira. Mzinda wa Lusaka uli ndi anthu oposa 2 miliyoni, koma magulu a matchalitchi, maofesi ndi masukulu a ana ndi aang'ono, moti mukalemba kuti mayi wa ana atatu wa ku Chelstone wogwira ntchito kubanki, alipo amene amuzindikire. Ndipo wowerenga watcheru amadzifunsa kuti: nanga nkhani yanga idzaikidwanso pamenepa? M'malo mwake tsamba lipereke zinthu zimene munthu angathe kutsimikizira yekha, monga kumene katswiri anaphunzira, kulembetsedwa kwake ku Health Professions Council of Zambia ngati ntchito yake ili pansi pa bungwelo, ndi umembala wake ku Psychology Association of Zambia kapena Zambia Counselling Council. Likhozanso kunena umboni wa njira imene amatsata. Mwachitsanzo, njira ya CETA inayesedwa mu Lusaka momwemu pa mabanja 248 ndi gulu la Laura Murray wa ku Johns Hopkins, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2020 zinasonyeza kuchepa kwa nkhanza za m'banja ndi kumwa mowa mwauchidakwa. Umboni wotero ndi wolemera kuposa mawu oyamikira khumi, bola woutchulayo akhale kuti anaphunziradi njirayo.

Munthu akatsimikiza mtima, tsamba limuthandize bwanji kuyamba?

Opanga mawebusaiti amakonda nkhani ya jamu. Mu 2000 Sheena Iyengar ndi Mark Lepper anayala mitundu 24 ya jamu m'sitolo, nthawi ina mitundu 6, ndipo pa amene anaima patebulo, ogula anali 3 pa 100 alionse pa mitundu yambiri ija koma 30 pa 100 alionse pa yochepa. Nkhaniyi siyenera kutengedwa ngati lamulo, chifukwa mu 2010 Benjamin Scheibehenne ndi anzake ataphatikiza zoyesa 50 zofanana nayo anapeza kuti zotsatira zake sizibwerezeka paliponse. Chifukwa cholimba chochepetsera zosankha chili m'matenda momwemo: kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi ndi kuvutika kusankha ndi zina mwa zizindikiro zodziwika za matenda a kukhumudwa. Munthu wotere mabatani asanu ndi awiri amamugonjetsa. Pakhale njira imodzi yoonekera, imene kwa ambiri mu Lusaka ndi WhatsApp, ndipo uthenga woyamba ukhale wolembedwa kale, wonga "Moni, ndikufuna kudziwa za kukumana koyamba," poti chovuta kwambiri ndi kupeza mawu oyambira. Pansi pa batanilo palembedwe amene awerenge uthengawo, katswiri mwiniwake kapena mlembi, ndi nthawi imene yankho libwere. Lonjezo limenelo lisungidwe. Amene wanena odi n'kumva zii masiku atatu amaganiza kuti analakwitsa kugogoda.

Chinsinsi chimatetezedwa bwanji? Sikokwanira kulemba kuti zonse ndi zachinsinsi?

Aliyense amalemba choncho, ndiye mawuwo anatha mphamvu. Chimene woopa amafuna kudziwa ndi momwe tsikulo lidzayendere. Maofesi ambiri a ku Kabulonga ndi Woodlands ali m'nyumba za mpanda, ndipo pageti pamakhala mlonda ndi buku lake lofuna dzina, nambala ya foni ndi amene mwabwera kudzamuona, mayina a obwera m'mawa ali poyera patsamba lomwelo. Kwa wina bukulo ndi chifukwa chokwanira chobwerera. Webusaiti inene ngati pageti pali chikwangwani, ngati mlonda amalemba mayina, ngati podikirira munthu angakumane ndi ena, ngati galimoto imalowa m'kati, komanso mtunda wochokera poimira basi, potchula zizindikiro zimene anthu amalondolerana nazo, monga thanki ya ku Chelstone, Woodlands Stadium kapena Kabwata Cultural Village. Ofesi ya m'tauni, m'nyumba ya nsanjika momwe mulinso maloya ndi owerengera ndalama, ili ndi ubwino woti wolowamo sadziwika kumene akupita, ndipo ubwinowo ndi woyenera kuutchula. Kenako pali foni. M'mabanja ambiri foni imagwiridwa ndi mwamuna, mkazi ndi ana omwe, choncho fomu ifunse ngati n'kololedwa kuimba kapena kutumiza uthenga, ndi nthawi yanji. Isafunse nkhani yonse ya munthu. Dzina limene akufuna kuitanidwa nalo ndi nambala zakwana. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limaika zokhudza thanzi la munthu m'gulu la zinthu zofuna chitetezo chapadera, ndipo katswiri ndiye ali ndi udindo pa zimene tsamba lake likutolera, ngakhale analipanga ndi wina. Afunse wopangayo ngati waikamo tizida tobisika ta Facebook kapena Google totsata alendo. Mu 2023 bungwe la boma la America la Federal Trade Commission linalamula kampani ya uphungu wa pa intaneti ya BetterHelp kulipira madola 7.8 miliyoni chifukwa chopereka zinsinsi za anthu ku makampani onga Facebook ndi Snapchat kuti azitsatsira malonda. Kuno zotsatira zake zikhoza kukhala zotsatsa za uphungu wa banja kutulukira pafoni mwamuna akuyang'ana. Pomaliza, tsamba linene zoona za malire a chinsinsi, kuti moyo wa munthu ukakhala pangozi kapena mwana akamazunzidwa katswiri sangakhale chete. Wouzidwiratu malire amakhulupirira zotsalazo.

Za chipembedzo zitchulidwe?

Zitchulidwe mwachidule komanso moona. Frederick Chiluba analengeza mu 1991 kuti Zambia ndi dziko la Chikhristu, ndipo anthu ambiri akavutika mumtima amayamba kwa abusa, ena kwa ankhoswe. Wowerenga wina akuopa kuti kupita kwa katswiri ndi kusonyeza kuchepa kwa chikhulupiriro, pamene wina akuopa kuti akalipira ndalama n'kukalalikidwa. Onse awiri akufuna kudziwiratu. Ngati uphungu wanu umatsamira pa Baibulo, nenani. Ngati sutero, nenani kuti mumalemekeza chikhulupiriro cha munthu aliyense ndiponso kuti kubwera kwa inu sikutanthauza kusiya pemphero kapena kunyoza akuluakulu a banja. Cholakwika ndi kuika vesi pamwamba pa tsamba ngati nyambo pamene m'chipindamo simudzakhala zimenezo.

Kodi zonsezi si kugwiritsa ntchito nzeru za maganizo pokola anthu ofooka?

Funsoli liyenera kufunsidwa, chifukwa katswiri wa zamaganizo amadziwa bwino kuposa wamalonda aliyense pamene munthu ali pofewa. Kuchotsa chopunthwitsa panjira ya munthu amene akufuna kubwera n'kosiyana ndi kumukankha pogwiritsa ntchito mantha ake. Mu 2010 Harry Brignull anapatsa njira zokankhazi dzina loti dark patterns, kutanthauza misampha yobisika m'kapangidwe ka tsamba: wotchi yowerengera nthawi yotsala, uthenga woti malo atsala awiri okha pamene si zoona, timafunso timene aliyense woyankha amauzidwa kuti akudwala, lonjezo loti munthu achira m'masabata atatu. Poyesera pake ndi posavuta: kodi katswiri angathe kumufotokozera munthuyo maso ndi maso chifukwa chimene anaikira chinthucho pa tsamba, osachita manyazi? Mtengo wolembedwa poyera ndi chithunzi cha chipinda zimapambana mayeso amenewa, wotchi yabodza imalephera. Pali kutsutsa kumodzi kolemera, koti munthu wozengereza akakankhidwa pang'ono n'kulandira thandizo, ndiye kuti wapindula. Koma tanena kale kuti chithandizo chimatsamira pa kukhulupirirana, ndipo amene walowa chifukwa choopsezedwa akadzazindikira amasiya, n'kukauza ena kuti uphungu ndi bizinesi ya apamwamba. Ntchitoyi ikadali yanthete m'Zambia, moti bodza la ofesi imodzi limawononga dzina la onse.

Nanga amene sangathe kulipira, kapena amene ali pangozi usiku womwewo?

Ameneyunso afika pa tsambalo, ndipo mwina ndiye wofunika kwambiri pa onse. Webusaiti si chipatala ndipo katswiri sayankha foni pakati pa usiku, choncho tsamba linene zimenezo mosabisa ndi kulozera kumene kuli thandizo. Bungwe la Lifeline Childline Zambia lili ndi nambala zaulere, 933 ya akuluakulu ndi 116 ya ana. Chainama Hills, University Teaching Hospital ndi kiliniki yapafupi zimalandira munthu amene akuganiza zodzivulaza kapena amene wasokonezeka kwambiri. Kwa amene ndalama palibe, StrongMinds, imene inayamba ntchito m'Zambia mu 2019, imathandiza anthu okhumudwa, makamaka amayi, m'magulu okambirana osalipiritsa. Akatswiri ena amazengereza kulemba zimenezi poganiza kuti akutumiza anthu kwina, koma amene akufuna 933 usikuwo sanali woti n'kudikira tsiku lokumana ndi katswiri. Nambalazo zikhale pa tsamba lililonse la webusaitiyo, pamwamba pomwe diso limayambira, m'zilembo zazikulu, m'Chingerezi ndi m'Chinyanja, ndipo zikonzedwe moti munthu akangozigunda ndi chala foni iyambe kuimba.